Mizere Itatu Pansi pa Mpango

Kumudzi kwa Anifa, m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, anthu amati manja ake amanunkha ntchito ziwiri. Dzanja lake likakudutsa pamphuno umamva kuloro, mankhwala aja amathira m'madzi kuti aphe tizilombo, ndipo pansi pa fungo limenelo umamvanso lubani wa pamaliro. Mwa ntchito ziwirizo palibe imene imamudyetsa. Chimamudyetsa ndi chinangwa cha m'munda mwake ndi matemba amene amayanika pathandala n'kupatsira amalonda a njinga opita ku Entre Lagos. Koma mukafunsa kuti Anifa Abiti Husseini ndi ndani, palibe angakuuzeni za matemba. Adzati ndi uja ankasambitsa maliro a akazi, kapena uja wa kutenda, chihema chogonekamo odwala kolera. Masiku ano ena amawonjezera dzina lachitatu, koma limenelo tisayambe nalo.

Anifa ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala ngati a munthu wopalasa bwato, ndipo mawu amawatulutsa mowerenga. Mnzake wa moyo wonse, Mastura, Mulungu anamulenga mosiyana naye pa chilichonse: wamtali, wowonda, pakamwa ngati lumo, woseka ngakhale pamene anthu olongosoka amagwetsa nkhope. Awiriwa analowa chinamwali tsiku limodzi, anakwatiwa chaka chimodzi, ndipo nkhondo itafika kunyanja mu 1986 anathawanso njira imodzi, kutsata njanji wapansi mpaka kulowa m'Malawi. Mastura anali ndi pakati. Anifa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kumsana atabereka mwana wake wamkazi, Husna. Mwamuna wake, Tahiru, anthu a mfuti anamutenga panjira kuti awasenzere katundu, ndipo mpaka lero katunduyo sanatule.

Kumsasa wa othawa nkhondo moyo unali wa kuima pamzere: wa ufa, wa nandolo, wa madzi pa mjigo umodzi wokha. Anthu ankafa pafupipafupi, ndipo akazi achisilamu odziwa kusambitsa maliro anali ochepa. Panali mayi mmodzi wachikulire, Abiti Masudi, amene manja anali atayamba kumunjenjemera, ndiye ankafuna womuthirira madzi. Anasankha Anifa chifukwa sankalankhula. Kwa mayi ameneyo Anifa anaphunzira dongosolo lonse. Thupi umaliphimba ndi nsalu kuti maso asaone chosayenera, umakulunga kansalu kudzanja, umasisita mimba pang'ono kuti zotsalira zituluke, kenako umamutsuka manja, pakamwa ndi nkhope monga munthu wokonzekera swala, pemphero la Asilamu. Ukatero umathira madzi kuyambira kumutu, kutsikira mbali ya kumanja, n'kumalizira kumanzere, maulendo atatu. M'madzi omaliza umaikamo kafuri, kamwala koyera konunkhira. Ngati ndi mkazi, tsitsi umaliluka mizere itatu, osati iwiri, osati inayi.

Dzinja lachiwiri kunabuka kolera. Dzina lake ambiri anali asanalimve, ankangoti kutsegula m'mimba koipa kuja. Tsiku lina Anifa anathandiza kusambitsa mayi wina amene anadwala m'mawa n'kumwalira dzuwa lisanalowe. Atamaliza anatsukuluza manja m'madzi otsala, napukutira pa kapulana, chitenje chake, n'kuthamangira kwawo poti mwana anali akulira njala. Anamudyetsa phala ndi chala, monga amachitira mayi aliyense. Tsoka silinunkha. Patapita masiku awiri Abiti Masudi anagona ndi matenda aja, tsiku lomwelo Husna nayenso anayamba kutsegula m'mimba, ndipo pofika naye kutenda ya madokotala achizungu maso anali atalowa kale m'kati.

Namwino wa kumeneko anali mayi wa ku Zomba wosadziwa kupsatira mawu. Atamufunsa Anifa kumene anayenda ndi zimene anagwira sabata imeneyo, anamuyang'ana manja n'kumuuza kuti matendawa alibe miyendo, amachita kunyamulidwa. Sanawonjezere kanthu, ndipo sipankafunika kuwonjezera. Husna anamupopera mankhwala, anamukulunga mu lona, chinsalu chapulasitiki, osamusambitsa, n'kukamuika kumanda a msasa. Mandawo Anifa anapitako kamodzi patadutsa zaka zambiri, anapeza munthu walimapo chimanga.

Tsiku loika Husna lija, pochokera kumandako, Anifa anakhala pansi pakati pa njira, pamatope, n'kukana kudzuka. Mastura, khanda lake Shafii lili kumsana, anakhala naye pomwepo. Sanamutonthoze ndi mawu aja amanena aliyense, oti zonse ndi za Mulungu. Anangogwira dzanja limene Anifa ankalakalaka atalidula.

"Mwana wapita wosasamba, ndaona," anatero Mastura. "Koma iwe sudzapita choncho. Ukadzayamba ndiwe, ndidzakusambitsa ine. Ndikadzayamba ine, manja omwewa ndi amene adzandisambitse. Wamva, chemwali?"

Anifa anavomera ndi mutu. Pangano lawo linali lomwelo, lopanda mboni kupatula khanda lija.

M'mawa mwake anabwerera kutenda, naima pakhomo mpaka namwino uja anamufunsa chimene akufuna. Anati akufuna ntchito yonyansa kuposa zonse. Anamupatsa ndowa. Odwala kolera amagona pa mabedi oboola pakati, pansi pake pali ndowa, ndipo ndowazo zimafuna munthu wozitaya, kuzitsuka ndi kuzibwezera. Alendo a mabungwe akabwera ankajambula madokotala, ankajambula ana omwetulira, koma sindinamvepo kuti wina anajambula ndowa. Anifa anazisenza zaka zisanu ndi chimodzi, kolera ikakhalapo kutenda, ikapanda kukhalapo kuchipatala cha msasa. Anaphunzira kutsina khungu la pamimba n'kuona ngati likubwerera. Anaphunzira kumwetsa madzi a mchere ndi shuga kasupuni kamodzikamodzi kwa munthu amene akusanza, osatopa, osakalipa, mpaka mimba ivomere. Anadziwa kuti kuloro amasungunulidwa patatu: wofooka wa m'manja, wapakati wa zovala ndi pansi, ndi waukali wa ndowa ndi mitembo. Kulemba sanaphunzire. Chimene anatuluka nacho kumeneko ndi jombo zazikulu kuposa mapazi ake.

Mtendere utabwera anabwerera kunyanja limodzi ndi anzawo, napeza mitengo itamera m'nyumba zawo. Anifa sanakwatiwenso. Amuna awiri anayesa, iye anawauza kuti mwamuna ali naye, wangochedwa. Abiti Masudi anali atatsala m'dothi la ku Malawi, choncho ntchito yosambitsa inagwera Anifa, ndipo womuthirira madzi anakhala Mastura. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu akazi a m'midzi itatu anadutsa m'manja mwa awiriwa. Pa ntchitoyo Mastura ankayesetsa kutseka pakamwa, koma panali mawu amodzi amene sankatha kuwameza. Anifa akafika pamutu, Mastura ankanong'ona kuti, "Kuseri kwa khutu." Anifa sanaiwalepo kuseri kwa khutu ngakhale kamodzi, koma Mastura ankanenabe, maliro aliwonse, ndipo pobwerera ankadzitama kuti pakadapanda iye, akazi a kunyanja bwenzi akufika kwa Mulungu ndi litsiro m'makutu. Za tsiku lake ankalamuliratu. Madzi adzakhale ofunda, tsitsi asadzalikoke, ndipo mizere idzakhale yowongoka, osati yokhotakhota ngati njira ya woledzera.

Kolera ikabuka, kaya madzi akasefukira, a ku poshito, kachipatala ka m'deralo, ankatuma munthu kudzaitana Anifa, popeza dzina lake linali m'kaundula wa anthu ongodzipereka. Ankamupatsa kamizola, malaya a bungwe, ndi zovala za m'manja za mphira zija pa Chipwitikizi amati maluva. Mastura ankaseka kuti mnzake ndi mkazi yekhayo amene boma limamupatsa maluwa, kungoti maluwa ake ndi ogwirira ndowa.

Chaka cha namondwe, 2023, mvula inagwa mpaka anthu anasiya kuwerenga masiku. Nyanja inalowa m'minda, chinangwa chinaolera pansi, zimbudzi zinagumukira m'zitsime, ndipo kamlatho ka pamsewu wotulukira kumudziko kanapita ndi madzi. Mvula ikakuona litsiro sikata: madzi asanaphwe, kolera inalowa. Bungwe lina lothandiza linafika pa boti, linadzika tenda yaikulu pabwalo la shikola, sukulu ya pamudzipo, n'kusiyapo namwino mmodzi, Débora. Anali mtsikana wa ku Cuamba, wolimbikira, wolankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi, koma Chinyanja chake chinkathera pa moni ndi pa "imwani". Anifa anakhala manja ake, anakhalanso pakamwa pake.

Pakamwa pamenepo ndi pamene panamudanitsa ndi anthu. Lamulo linali lakuti womwalira ndi kolera sasambitsidwa. Amamupopera kuloro waukali, amamulowetsa m'thumba lapulasitiki la zipi, ndipo amakamuika tsiku lomwelo ndi anthu ochepa, popanda kuphika chakudya. Débora ankanena lamuloli pa Chipwitikizi, chimene sichinkapweteka munthu poti sichinkamveka. Wolinena pa Chiyao ndi pa Chinyanja, maso ndi maso ndi ana a womwalirayo, anali Anifa, yemwe uja anasambitsa agogo awo. Mabanja asanu ndi anayi anamva mawu amenewo kuchokera pakamwa pake. Ena anamulavulira kumapazi. Ena anayamba kunena kuti tamvetserani bwino, kuloro ndi kolera ndi dzina limodzi, wothira chimodzi m'zitsime ndiye akubweretsa chinzakecho. Lamulolo Anifa sanaliphunzire papepala, ndipo Débora akanati alifewetse, woliumitsa akanakhala iye.

Pagulu Mastura ankamuikira kumbuyo, kutukwana aliyense wonena mnzake mpaka amuna ankasintha njira akamuona. Koma tsiku lina, akumusiyira chinangwa chophika pampanda wa tenda, anatsitsa mawu n'kumuuza kuti zonsezo wazimva ndipo ndi zoona, koma iye m'thumba salowa. Ananena akuseka. Anifa sanaseke.

Patatha sabata, mkazi wa Shafii anabwera m'mawa kudzaima patali ndi mpanda, akupotokola nsonga ya mpango. Apongozi ake, Mastura, anali atadwala masiku awiri, ndipo analumbiritsa nyumba yonse kuti wokauza Anifa asadzapondenso pakhomo pawo. Anifa anasiya ndowa pomwepo. Anapeza mnzake atagona pamkeka, masaya atalowa, zala zitakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Anamutsina pamimba, khungu linaima osabwerera. Anifa anachita mantha, chifukwa khungu lotero ankalidziwa.

"Masiku awiri," anatero. "Iwe amene umatukwana anthu obisa odwala."

"Ndinkatukwana a eni ake." Mawu a Mastura anali atasasa, ankachita kuvuta kumva. "Ndikafera pano undisambitsa. Ndikafera uko unditsekera zipi. Ndasankha."

"Ndikakusambitsa pano ndipha mpongozi wako ndi adzukulu ako. Uko ukhoza kuchira."

"Nanga ndikapanda kuchira?"

Anifa anali asanamunamizepo Mastura chiyambire kuchinamwali. Panja ankamva adzukulu atatu akusewera, pafupi ndi chidebe chimene agogo awo ankasanziramo.

"Ndikusambitsa," anatero. "Pano kapena uko. Ndinavomera panjira paja, ndikuvomeranso."

Mastura anatsinzina n'kunena kuti abweretse machila. Shafii, amene tsopano anali msodzi wofatsa wa ana atatu, anali ataima pakhomo, ndipo anamva zonse.

Kutenda, Débora anasaka mtsempha kanayi asanaupeze. Mabotolo a soro, madzi aja olowera m'mtsempha, anatha asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lachiwiri Mastura anatsitsimuka. Mawu anabwerera, ndipo tenda yonse inadziwa kuti abwerera. Anadandaula kuti bedi loboola ndi chipongwe kwa munthu wa msinkhu wake. Anauza Débora kuti akapanda kunenepa mwamuna samupeza, n'kulamula Anifa kuti amasulire osachotsapo kanthu. Anafunsa ngati madzi a mchere ndi shugawo anasungunula ndi mdani wake. Anifa anayamba kukhulupirira kuti mnzake atuluka ndi miyendo yake, ndipo chikhulupiriro cha tsiku limenelo chimamupwetekabe kuposa zina zonse. Chinthu chimodzi chokha chinali chisanabwerere. Mastura sankakodza.

Tsiku lachitatu Débora anamuitanira Anifa kuseri kwa tenda. Anamuuza, theka ndi mawu theka ndi manja, kuti impso zinauma masiku aja mayiwa anabisala, kuti chithandizo chake chili kuchipatala chachikulu, kutali, kuti msewu kulibe ndipo boti la bungwe lidzabwera pakapita masiku anayi. Tsiku lachinayi m'mawa mapazi ndi nkhope zinatupa, kupuma kunayamba kulemera. Débora anamvetsera pachifuwa, natuluka, n'kunena kuti sakhulupirira kuti mayiwa aona mawa. Anifa anamufunsa, kamodzi kokha, ngati pa munthu mmodzi lamulo lingapindike. Mtsikanayo anagwetsa misozi n'kupukusa mutu. Anifa sanamukwiyire. Anali atafunsa funso limene yankho lake analipereka yekha kasanu ndi kanayi.

Anakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa tenda, dzuwa likukwera, akusinkhasinkha. Wakufa sakanatha kumusambitsa. Koma wamoyo ankamusambitsa tsiku ndi tsiku, ndiyo inali ntchito yake, ndipo panalibe lamulo lonena mbali yoyambira. Maganizo amenewo anamuopsa. Kusambitsa wamoyo monga maliro ndi malodza, n'kumuitanira munthu imfa, ndipo shehe aliyense akanamuuza kuti kusamba koteroko sikuwerengedwa. Shehe sanamufunse. Anadzuka n'kukakoleza mbaula.

Dzuwa lili paliwombo analowa ndi beseni la madzi ofunda, atathiramo kuloro wofooka, namanga makapulana kuzungulira bedi monga ankachitira masiku onse. Anavala maluva. Anamuphimba Mastura ndi nsalu kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, nakulunga kansalu kudzanja. Anamutsuka manja katatu, anamupukuta milomo ndi mphuno ndi kansalu konyowa, kenako nkhope, mikono, mutu. Nthawi yonseyi Mastura anali chitsinzinire. Koma Anifa atathira kapu paphewa la kumanja, madzi n'kutsetserekera kuphazi, maso aja anatseguka.

"Wayambira kumanja," anatero Mastura.

Anifa anatunganso madzi m'beseni.

"Dzulo unayambira kumiyendo. Lero wayambira kumanja." Mastura anapuma kaye. "Mtsikanayu wanena chiyani?"

"Wati suona mawa."

Mastura anayang'ana kudenga la tenda. Anifa ankadikira kutukwanidwa, ndipo akanakonda atatukwanidwa. Koma mnzakeyo anangowongola mkono wake pang'onopang'ono n'kuuika m'mbali mwa thupi, monga momwe awiriwa ankaikira mikono ya anthu ena.

"Madzi wafunditsa," anatero. "Pitiriza."

Anapitiriza. Anamaliza kumanja, namutembenuza mosamala poopa singano ya soro, natsuka kumanzere. Mawu oyenera ankawanenera mumtima, koma anaona milomo ya Mastura ikuyendera limodzi naye. Ulendo wachiwiri, atafika pamutu, anamva kunong'ona.

"Kuseri kwa khutu."

Pamenepo Anifa analira. Zaka zonse za ndowa anali asanalirepo pamaso pa wodwala, koma tsiku limenelo analira, misozi ikugwera m'beseni, uku akutsuka kuseri kwa khutu. Pa ulendo wachitatu anamasula mfundo ya pansonga ya kapulana yake, natulutsa kafuri amene anali atakhala pamenepo chibukire kolera, wopanda womugwiritsira ntchito. Fungo litakwera, Mastura anafunsa ngati kumene akupitako akavomera kusamba kwa munthu amene anasamba akupenya.

"Sindikudziwa," anatero Anifa. "Akakakana, ukawauze kuti wolakwa ndine. Pakamwa uli napo."

Mastura anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa. Chitaleka, Anifa anakhala kumutu kwa bedi n'kuluka tsitsi la imvi lija mizere itatu, yowongoka, osakoka. Débora analowa kudzaona soro, ndipo ataona tsitsilo anamwetulira n'kunena kuti mamã akongola lero ngati akupita ku ukwati. Iye ndi Mkhristu wa kutauni, sakanadziwa. Anifa anamanga mpango pamwamba pake.

Mastura anamwalira dzuwa litapendeka, nthawi ya swala ya masana yachiwiri, Anifa akumunong'oneza mawu a chikhulupiriro kukhutu lomwelo. Amuna awiri opopera mankhwala anafika ola lisanathe. Zipi anatseka Anifa yekha, sanalole wina. Nsalu ya sanda anaiyala pamwamba pa thumba, shehe anaswalitsa ataima patali, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anakonzeka kunyamula jeneza, chonyamulira maliro.

Asananyamuke, Shafii anabwera pampanda. Kumbuyo kwake kunali azimayi a m'mudzi, ena mwa iwo a m'mabanja asanu ndi anayi aja. Sanakweze mawu, Shafii si munthu wokweza mawu.

"Amayi aang'ono, ndinamva ndi makutu anga zimene munawalonjeza. Mwawasambitsa?"

Anifa anaona kuti njira zonse ndi zaminga. Akati inde, azimayi aja amva kuti mnzake wamusambitsa pamene awo anawakaniza, ndipo mawa lomwe ayamba kusambitsa mitembo m'nyumba n'kudyetsa ana phala ndi manja omwewo. Akati anamusambitsa ali moyo, dzuwa lilowa mudzi wonse ukudziwa kuti kutenda amakonzeratu anthu akupumabe, ndipo palibenso amene adzabweretse wodwala. Shafii naye akhala moyo wake wonse akuganiza kuti amake anachita kukankhidwira kumanda. Anamuyang'ana mwana amene anamulandira yekha tsiku lobadwa, pansi pa lona ya kumsasa.

"Ayi," anatero. "Lamulo ndi limodzi kwa onse."

Shafii anatembenuka n'kukagwira mtengo wa jeneza. Mmodzi mwa azimayi aja anati, osakweza mawu, "Ngakhale mnzake." Dzina lachitatu lija linabadwa pomwepo. Amati ndi uja anatsekera mnzake m'thumba.

Sabata yotsatira mwana wamng'ono wa Shafii anayamba kutsegula m'mimba. Bambo wake anamubweretsa tsiku lomwelo, osazengereza, namupereka m'manja mwa Débora ngakhale Anifa anali atatambasula ake. Anifa anamumwetsa mwanayo kasupuni kamodzikamodzi masiku atatu. Atachira, Shafii anathokoza Débora ndi mulu wa makumba owamba.

Mvula itasiya, kolera nayo inatha. Tenda anaipasula, Débora anabwerera ku Cuamba, ndipo anamusiyira Anifa pepala la chiyamiko lolembedwa pa Chipwitikizi, limene sangathe kuliwerenga. Analiika pansi pa mkeka, chiswe chinadyako theka. Maliro a akazi masiku ano amakaitana mayi wina wa kutsidya kwa dambo, ndipo Anifa amangomva jeneza ikudutsa iye ali m'munda. Shafii amamupatsa moni, koma moni wopatsa mlendo. Anthu amene anatuluka m'tenda muja ndi miyendo yawo ndi ambiri, amakumana naye kuchitsime tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa onena dzina lija ndi omwewo. Chaka chatha a ku poshito anatumanso uthenga madzi atasefukira m'midzi ya kunyanja ya Chiuta. Anatenga jombo zake n'kupita.

Chimene chimamudya mumtima si moni wa Shafii. Pangano lija linali la anthu awiri, ndipo womusambitsa iye anapita m'thumba. Akadzagona, kaya mayi wa kutsidya kwa dambo adzavomera kugwira thupi lake, kaya adzati amene anakaniza anzake madzi naye apite wouma, Anifa sadziwa, ndipo alibe womufunsa. Choncho Lachisanu lililonse m'mawa amafunditsa madzi n'kulowa nawo kubafa yake ya udzu kuseri kwa nyumba. Amayambira kumanja. Akamaliza amakhala pamwala n'kudziluka yekha mizere itatu. Mapewa amamuwawa, mizere imatuluka yokhotakhota ngati njira ya woledzera, koma amamanga mpango pamwamba ndipo palibe amaiona.

Pamene pamamuvuta ndi pakati pa kusambako. Ulendo wachiwiri, akafika pamutu, amaima kaye, kapu ili m'mwamba, madzi akumuzizira pathupi. Amadikira. Kunja kumangomveka nkhuku zikupalasa. Kenako amatsuka yekha kuseri kwa khutu.